Opalasa Chofulatira pa Mtsinje wa Thames

Mtsinje wa Thames, umene umadutsa pakati pa mzinda wa London, uli ndi khalidwe limene munthu wokulira kumtunda sangalimvetse msanga: umayenda mbali ziwiri. Kwa maola pafupifupi 7 madzi ake amatsikira kunyanja yamchere monga ichitira mitsinje yonse, koma kenaka amaima pang'ono, natembenuka, nayamba kukwera kubwerera kumene adachokera kwa maola ngati 5. Izi zimachitika kawiri pa tsiku chaka chonse, pakuti nyanja ikadzaza chifukwa cha kukoka kwa mwezi, imakankhira madzi ake mumtsinje mpaka kukafika ku Teddington, kumene kuli zitseko zotchinga madzi. Pa Putney, kumadzulo kwa mzindawo, kusiyana kwa madzi odzaza ndi madzi akuphwa kumatha kupitirira mamita 5. Pamene m'mawa mudaonapo matope ndi miyala, masana mupeza pali madzi oti n'kumiza nyumba.

Pa mtsinje wosakhazikika chotere m'pamene Angerezi amachitirapo masewera awo opikisana pa ngalawa. Ife tidayenda pansi m'mbali mwake, kutsidya la kummwera, kuchokera pa mlatho wa Putney kufikira ku Mortlake, mtunda wa makilomita 6.8. Mtunda umenewu ndiwo umene ophunzira a ku Oxford ndi a ku Cambridge amapikisanapo chaka ndi chaka. Mpikisano wawo udayambira ku Henley mu 1829, ndipo udafika pa gawo lino la mtsinje mu 1845. Za opambana zimalembedwa m'manyuzipepala. Ife tikusimbirani, awerengi okondedwa, za malamulo amene amachititsa kuti anthu mazanamazana, ana asukulu ndi nkhalamba zomwe, atuluke pamadzi amenewa m'mawa ndi kubwerako amoyo.

PA GOMBE LA PUTNEY

Munthu akangotsika pa mlatho wa Putney amapeza nyumba zosungiramo ngalawa zitandandalika m'mbali mwa msewu, zonse zopenya kumtsinje. Nyumba iliyonse ndi ya kalabu yake, ndipo ena mwa makalabuwa ndi akalekale: London Rowing Club idayamba mu 1856, Thames Rowing Club mu 1860. Pansi pa nyumba pamakhala ngalawa zosanjikidwa chozondoka, pamwamba pali khonde loonerera. Kuchokera pamsewu, gombe limatsetsereka mpaka m'madzi, ndipo madzi akadzaza kwambiri amafika pamsewu pomwe, kotero kuti mlendo wosadziwa akhoza kupeza galimoto lake lili m'madzi.

Tikati ngalawa, musaganize za bwato losema limene timalidziwa kunyanja kwathu. Ngalawa ya munthu mmodzi ndi yaitali mamita 8, koma m'mimba mwake simufika ndi theka la mita lomwe, ndipo imalemera makilogalamu 14 okha. Ya anthu 8 imapitirira mamita 17, ndipo ikathamanga imaposa makilomita 20 pa ola. Khungu lake ndi lopyapyala loti mwala waung'ono n'kuliboola. Wopalasa amakhala pa kampando kotsetsereka pa timawilo, mapazi ake ali m'nsapato zokhomeredwa kungalawa, nkhafi zake zitagwidwa ndi zitsulo zotulukira m'mbali.

Tsono chachikulu ndi ichi: wopalasa bwato kwathu amayang'ana kumene akupita, koma uyu amakhala chofulatira, maso ali kumene wachokera. Mphamvu zake zonse zimamuthamangitsira kumene sakuona. Pafupifupi lamulo lililonse limene tidalipeza pamtsinjewu lidabadwa chifukwa cha chinthu chimodzi chimenechi.

Tidaimirira kuona gulu lina likutulutsa ngalawa yake. Asanaiike m'madzi adaiyendera kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Kumphuno kwa ngalawa iliyonse kuli kampira koyera kolimba, kosachepera masentimita 4, pakuti mphuno yopanda kampirako ndi mkondo weniweni ikagunda msana wa wopalasa wa m'ngalawa ina. Adakoka chidendene cha nsapato iliyonse kuti aone ngati chingwe chake chili cholimba. Chingwecho chimaletsa chidendene kunyamuka kwambiri, kuti ngalawa ikagudubuzika phazi livuuke lokha, munthu asatsale wozondoka m'madzi atakodwa m'nsapato. Adaona ngati zivundikiro za timabowo zili zotseka bwino, chifukwa mpweya wotsekeredwa m'katimo ndiwo umayandamitsa ngalawa ikadzaza madzi. Pambali pa ngalawa padalembedwa zilembo 3 za kalabu ndi manambala 3, kuti wolakwitsa pamadzi adziwike kwawo. Potsiriza mmodzi adalemba m'buku la pakhomo dzina la ngalawa, anthu amene akwera, nthawi yonyamuka ndi nthawi imene ayenera kubwera. Makalabu ena masiku ano amalemba zimenezi pa bolodi kapena pa foni, koma cholinga n'chimodzi: ngati nthawi yapita ndipo ngalawa sidaoneke, pakhale wina kumtunda wodziwa kuti ayambe kufunafuna.

MUNTHU ASANALOLEDWE KUKWERA

Bungwe loyang'anira masewerawa m'dzikomo, British Rowing, lili ndi malangizo otchedwa RowSafe, amene kalabu iliyonse imatengapo malamulo ake. Munthu watsopano amafunsidwa kuonetsa kuti akhoza kuyandama payekha kwa mphindi 5. Makalabu ambiri amamuyesanso kusambira mamita 50 atavala zovala zopalasira, kuima m'madzi akuya kwa mphindi 2, ndi kumira nayenda pansi pa madzi mamita 5. Amene sangathe sathamangitsidwa ai, koma amavala jekete yoyandamitsa nthawi zonse. Pambuyo pake amapita naye kudziwe losambiramo, namugudubuza dala ali m'ngalawa, kuti tsiku limene zidzachitike pamtsinje thupi lake lidzakumbukire chochita mantha asanamugwire.

Chimene amaphunzitsidwa n'chosavuta kunena, koma n'chovuta kuchita: usasiye ngalawa yako. Mtima wa munthu wogwera m'madzi umamuuza kuti asambire kupita kugombe, limene limaoneka ngati lili pafupi. Koma ngalawa ndi yoyandama, ndipo opulumutsa amaiona patali, pamene mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka. Lamulo likuti akwere pamsana pa ngalawayo, atulutse chifuwa ndi mimba m'madzi, kenaka apalase ndi manja kapena miyendo kulunjika kumtunda pamodzi nayo.

Chifukwa chake ndi kuzizira. Tidafika kumeneko m'mwezi wa Malichi, pamene madzi a mumtsinje amakhala osafika madigiri 10. Madzi alionse ozizira kuposa madigiri 15 amadzidzimutsa thupi: munthu amakoka mpweya mosafuna, amapuma mofulumira osatha kudziletsa, mtima umagunda mwamphamvu, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi pa kamphindi kameneko, amakokera madzi m'mapapu. Kudzidzimuka kumeneku kumatha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, n'chifukwa chake amalangizidwa kugwira ngalawa kapena kugona chagada nayandama kufikira mpweya utakhazikika. Pambuyo pake kuzizira kumalanda mphamvu m'manja ndi m'miyendo, pakuti madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo. Ngakhale katswiri wosambira amalefuka asanafike pamene amayesa kuti m'pafupi.

Opalasa ambiri savala jekete yoyandamitsa, chifukwa imatsekereza manja. Ngalawa ndiyo jekete yawo. Koma woongolera, amene amakhala phee atavala zovala zolemera, ayenera kuivala nthawi zonse. Chimodzimodzinso mphunzitsi wotsatira pa boti la injini, amenenso amamanga kumwendo kwake kachingwe kozimitsa injini, kuti akagwera m'madzi boti lisapitirire lokha nkumazungulira pakati pa anthu.

MISEWU YOSAONEKA

Titachoka pa Putney msewu wa phula udatha, ndipo tidalowa m'kanjira ka m'mitengo. Kutsidya kudaoneka bwalo la mpira la Craven Cottage, kwawo kwa timu ya Fulham. Pamenepo tidayamba kuzindikira kuti ngalawa sizinali kuyenda mwachisawawa. Zina zinali kukwawa pafupi ndi gombe lathu, imodzi pambuyo pa inzake, pamene zina zinali kuuluka pakati pa mtsinje kulowera kwina. Pakati pa ziwirizi panali mzere wa zizindikiro zofiira zoyandama.

Lamulo la pamadzi padziko lonse lapansi ndi lakuti chombo chiziyenda kudzanja lamanja. Koma pa gawo lino pali dongosolo lapadera lotchedwa Tideway Code, limene adagwirizana a Port of London Authority, eni ulamuliro pamtsinjewu, ndi opalasa eni ake. Amene akuyenda motsata madzi amakhala m'njira ya pakati, chakumanja kwake, pamodzi ndi maboti a injini. Amene akulimbana ndi madzi amayenda m'mphepete, m'kati mwa khota la mtsinje, mmene madzi amayenda mofooka. Popeza mtsinje umakhota uku ndi uku ngati njoka, njira ya m'mphepeteyo imasamuka: kuchokera pa Putney ili kummwera, ikafika ku Chiswick imaolokera kumpoto, ndipo pafupi ndi mlatho wa Chiswick imabwereranso kummwera. Malo oolokera ndi oikika, ndipo woolokayo ndiye ayenera kudikira kuti njira iyere.

Taganizani tsono za munthu wofulatira uja. Kumanja kwa ngalawa kuli kumanzere kwa iye. Madzi akatembenuka ali pakati pa ulendo, iye amene anali woyenera kukhala pakati ayenera tsopano kupita m'mphepete. Ayenera kuwerenga mtsinje: kuona kumene maboti omangiriridwa aloza, ndi mbali imene madzi akuunjikana pa zipilala. Akakayika, malamulo amamuuza kuti akhale kumanja kwa njira ya pakati mpaka atatsimikiza. Ndipo koposa zonse ayenera kucheuka pakapita mapalaso osapitirira 5, kucheukira uku, kenaka uko. Tidawerenga mapalaso a mayi wina wa imvi amene anali yekha m'ngalawa yake: asanu aliwonse mutu unali kutembenuka, ngati wotchi. Si aliyense amaloledwa kuongolera ngalawa pano. Kalabu imayamba yamuyesa ngati akudziwa malamulowa ndi maina a malo oopsa. Usiku ngalawa imanyamula nyali ziwiri zoyera, yothwanima kumphuno ndi yosathwanima kumchira, kuti woiona adziwe kumene ikulowera.

PA MLATHO WA HAMMERSMITH

Titadutsa nyumba yaikulu yakale yosungiramo katundu ya Harrods, tidafika pa mlatho wa Hammersmith, wobiriwira, wolendewera pa maunyolo achitsulo. Udatsegulidwa mu 1887, ndipo adaukonza ndi Joseph Bazalgette. Mu 2019 adautseka kwa magalimoto chifukwa cha ming'alu, ndipo mu 2020 adaletsa ndi maboti omwe kudutsa pansi pake, kotero kuti mpikisano wa Oxford ndi Cambridge wa 2021 udakachitikira ku Ely, pa mtsinje wa Great Ouse. M'chaka chomwecho oyenda pansi ndi apamadzi adaloledwanso.

Tidakwera pamlathowo kuti tione bwino. Pano mtsinje umakhota kwambiri, ndipo chakumtunda kwa mlatho, kutsidya la kumpoto, kuli doko la Dove Pier ndi maboti okhalamo anthu. Madzi akamakwera amakankhira chilichonse kunja kwa khota, molunjika padokolo. Ngalawa imene yaima pamenepo, kapena yachedwa kukhota, imapanikizidwa chopingasa pa maboti aja, ndipo madzi amaikokera pansi pawo. N'chifukwa chake pafupi ndi mlatho uliwonse n'koletsedwa kuima, kutembenuka kapena kupitirira mnzako. Safunsa adadya phula. Mlendo wobwera ndi ngalawa yake kuchokera ku mitsinje yofatsa ayenera kufunsa eni dera asanalowe m'madzi.

Pa chogwirira cha mlathowo pali kachikwangwani kokumbukira Charles Campbell Wood, msilikali wa ndege wochokera ku Bloemfontein ku South Africa. Usiku wina mu Disembala 1919 iye adadumphira mumtsinje kuchokera pamlathowo kuti apulumutse mayi amene anali kumira. Mayiyo adapulumuka, koma Wood adavulala, nadwala kafumbata, namwalira patapita masiku owerengeka. Tidaima chete pamenepo. Kulimba mtima kwake n'koyenera ulemu, komabe opalasa a lero amaphunzitsidwa kuti wopulumutsa asasanduke womira wachiwiri: aponye chingwe, aitane thandizo pa nambala ya 999 nafunse a Coastguard, ndipo asalowe m'madzi ngati pali njira ina.

Madzi amenewa amapha ndi mwakachetechete momwe. Muli matenda a Weil, ochokera mumkodzo wa makoswe, amene amalowa pa bala kapena m'maso ndi m'kamwa, nayamba ngati chimfine. Andy Holmes, amene adapata mendulo za golide pa masewera a Olympics mu 1984 ndi 1988, adamwalira ndi matendawa mu 2010. Chotero lamulo likuti matuza a m'manja aphimbidwe, munthu asambe m'manja asanadye, ndipo akatentha thupi atachoka pamadzi auze dokotala kumene adali. Mu 2024 ophunzira aja adachenjezedwa kuti asaponye woongolera wawo m'madzi monga mwa mwambo wa opambana, chifukwa cha zonyansa za m'zimbudzi zimene zinali mumtsinje. Ngalande yaikulu ya pansi pa nthaka, ya makilomita 25, yopatutsa zonyansazo, idalumikizidwa yonse mu 2025.

OPULUMUTSA A KU CHISWICK

Titapitirira kachilumba ka Chiswick Eyot tidaona kutsidya boti lofiirira ngati lalanje litakocheza padoko. Limeneli ndi la RNLI, bungwe lopulumutsa anthu pamadzi limene lidayamba mu 1824 ndipo limayendera zopereka zaufulu. Kwa zaka zambiri ntchito yake yaikulu inali kunyanja, ndipo pa Thames padalibe maboti ake. Chidasintha zinthu ndi ngozi ya pa 20 Ogasiti 1989, pamene boti la chisangalalo la Marchioness lidagundidwa usiku ndi chombo chonyamula mchenga cha Bowbelle pafupi ndi mlatho wa Southwark. Anthu 51 adamira, ambiri a iwo achinyamata. Kafukufuku wotsogozedwa ndi Lord Justice Clarke adapeza kuti pa zombo zonse ziwiri panalibe kuyang'anira kokwanira: palibe chimene chidaona chinzake nthawi ikadalipo.

Mu Januwale 2002 a RNLI adatsegula malo 4 pamtsinjewu: Gravesend, Tower, Chiswick ndi Teddington. A ku Chiswick amakhala padoko usana ndi usiku, okonzeka kunyamuka m'masekondi 90. Marchioness sinali ngalawa yopalasa, koma phunziro lake ndi lomwe lija la mayi wa imvi wocheuka pa mapalaso asanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

MPHEPO YA KU BARNES

Pofika ku Barnes, pamene pali mlatho wa njanji, mphepo idayamba kuomba mokumana ndi madzi, ndipo mtsinje umene unali wosalala udachita mafunde afupiafupi osongoka. Mbali za ngalawazi zimangotuluka pang'ono pamwamba pa madzi, motero mafunde otere amalowa m'katimo ndowa ndi ndowa. Ngakhale akatswiri sawapirira. Mu 1912 ngalawa zonse ziwiri, ya Oxford ndi ya Cambridge, zidadzaza madzi, mpikisano nubwerezedwa. Mu 1978 ya Cambridge idamira pafupi ndi mlatho uno. Mu 1984 ya Cambridge idagunda boti lonyamula katundu limene lidali chikocheze, mpikisano usanayambe n'komwe, ndipo idasweka kumphuno. Mu 2016 atsikana a ku Cambridge adamaliza mpikisano ngalawa yawo ili pafupi kumira. Mpikisano wina waukulu, Head of the River Race, umene adauyambitsa Steve Fairbairn mu 1926 ndipo umasonkhanitsa ngalawa mazana angapo, udaimitsidwa pakati mu 2007 ndi mu 2014 chifukwa cha mafunde.

Pa chifukwa chimenechi lamulo lolemera koposa onse limagwira ntchito ngalawa ikadali m'nyumba: kudziwa tsiku losatuluka. Mvula ikagwa yambiri kumtunda, madzi a mumtsinje amaonjezera liwiro la madzi akuphwa, ndipo a Port of London Authority amalengeza chenjezo la mbendera: yobiriwira ikakhala kuti zili mwa masiku onse, yachikasu pamene ongoyamba kumene ayenera kukhala kumtunda, yofiira pamene madzi aopsa kwa wina aliyense. Kumtunda kwa Teddington, a Environment Agency amapachika matabwa achikasu ndi ofiira pa zitseko za madzi ndi cholinga chomwecho. Nkhungu ikaphimba tsidya lina, ngalawa sizituluka. Mphezi ikang'anima, nawerenga munthu masekondi osafika 30 bingu lisanamveke, onse amachoka pamadzi, ndipo sabwererapo kufikira patapita mphindi 30 chilekere kugunda. Mphunzitsi kapena woyang'anira chitetezo akati lero ai, mau ake ndi omaliza, ngakhale mpikisano uli mawa. Ndipo wopalasa aliyense, ngakhale wamng'ono pa onse, ali ndi ufulu wonena kuti sakwera, popanda womuseka. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

PA MORTLAKE

Ulendo wathu udathera pa mwala wosonyeza mathero a mpikisano, pafupi ndi mlatho wa Chiswick umene udatsegulidwa mu 1933. Mtunda umene anyamata a ku Cambridge adaupalasa m'mphindi 16 ndi masekondi 19 mu 1998, ife udatitengera maola awiri ndi kupumira komwe. Madzi anali atatembenuka, ndipo ngalawa zimene tidaziona pakati zinali kubwerera m'mphepete, imodzi pambuyo pa inzake, popanda wapolisi kapena woimba wenzulo.

Malamulo amenewa sadalembedwe ndi anthu oopa madzi. Adalembedwa ndi anthu owakonda, amene adataya anzawo ndipo adafuna kuti ana awo apitirize kupalasa. Kampira koyera, kachingwe ka kuchidendene, kucheuka pa mapalaso asanu: zonsezi ndi zinthu zazing'ono, ndipo munthu akhoza kuzinyalanyaza masiku ambiri osaona kanthu. Koma tsoka silinunkha, ndipo madzi safunsa kuti munthu wapalasa zaka zingati. Inu makolo amene ana anu amakwera bwato kapena kusambira, kaya ndi pa Thames kaya pamtsinje wa kuseri kwa mudzi, afunseni mafunso amene kalabu imafunsa anthu ake: Kodi wauza yani kumene ukupita? Kodi ubwera nthawi yanji? Kodi bwato likagudubuzika udzachita chiyani?

Kutsidya, pa nyumba ina ya ngalawa, gulu la atsikana asukulu linali kutsuka ngalawa yawo ndi madzi a pampopi. Atatha adaisenza pamapewa, naibweza pamalo pake. Kwa iwo ulendo sutha pamene ngalawa yagunda gombe. Umatha pamene wina walemba m'buku muja kuti onse amene adatuluka abwera.